Kodi Dzina la Benghazi Linatipeza Bwanji?

Ndikakwera minibasi ku Mzuzu n'kunena kuti nditsikira pa Lupembe, sipalephera wina wotembenuka n'kufunsa kuti, "Ku Benghazi?" Ndinachita kufunsa ena kuti ndidziwe. Benghazi ndi mzinda wa ku Libya komwe kunabuka nkhondo mu 2011. Ife kwathu kuno tili ndi nyanja, mpunga ndi ng'ombe. Nanga dzina la kunkhondo linatipeza bwanji, anzanga?

Akuti n'chifukwa cha zisankho za dera lathu la Karonga Central. Mpando wa phungu unkangosinthana: a Frank Mwenifumbo mu 2004, a Cornelius Mwalwanda mu 2009, a Mwenifumbo mu 2014, a Mwalwanda mu 2019. Pamenepo palibe chodabwitsa, kuvota n'komweko. Chondizunguza mutu ndi miyala imene inkauluka pakati pa owatsatira. Anyamata ogendanawo amakoka khoka limodzi, pamaliro amalandizana khasu kumanda. Ankasiyana pa mfundo iti? Ya feteleza? Ya mankhwala kuchipatala? Alipo mwa inu amene anauzidwako?

Ng'ombe ikadya mpunga wa mnansi, tonse timadziwa chochita. Timakhala pansi pa mtengo wa mango, amfumu ali pampando wawo. Mwini munda amalankhula mpaka mawu kumuthera, mwini ng'ombe ali phee, chipewa chili pabondo. Kenako nayenso amayankha. Agogo ena amafunsa kuti, "Kodi m'busa wake anali kuti?" Wofuna kudula mnzake pakamwa amamukhazika pansi. Dzuwa likamapendeka mlandu watha, awiriwo agwirana chanza. Ngati ng'ombe imodzi timaikambirana chonchi, bwanji zaka zisanu za dera lonse timazikambirana mokuwizana?

Kumisonkhano ya ndale ndimapitako ndithu. Chimkuzamawu chimakhala m'manja mwa munthu mmodzi, ife tili padzuwa kuwomba m'manja. Funso langa la mjigo umene unafa kalekale ndimabwerera nalo kunyumba, ndipo zimandipweteka. Akatswiri pa wailesi amati demokalase ndi kukambirana. Kukambirana kwake n'kuti, poti wolankhula ndi mmodzi?

Mu 2014 ena mwa ofuna upulezidenti anakhala pamodzi koyamba n'kumayankha mafunso dziko lonse likumvera. A bungwe la NICE nawonso amakonza mitsutso yotere m'madera. Ndiye kuti n'zotheka. Nanga timadikiriranji nyengo ya kampeni? A Cornelius Mwalwanda atamwalira mu 2020 tinavotanso pa 10 Novembala, a Leonard Mwalwanda n'kupambana. Mavoti atawerengedwa, mahema n'kuphwasulidwa, mafunso athu tinkayenera kupita nawo kuti? Bwalo loti tikhale pansi ndi phungu amaliitanitsa ndani, amfumu, khansala, kapena ifeyo?