Alamu Atsikira ku Likulu Kukatchova Juga

Anthu a ndalama zawo akafuna kutchova juga amakwera ndege kupita ku Las Vegas, m'chipululu cha Nevada, kumene juga inaloledwa mwalamulo mu 1931. Amene matumba awo ndi ofupikirako amathera ku Sun City ku South Africa, malo amene anatsegulidwa mu 1979. Alamu anga, aphunzitsi a masamu cha ku Dedza, anakwera minibasi ya ku Lilongwe. Anapita okha. Akuti ukatengana ndi mnzako, ukapata amafuna gawo, ukadyedwa amakafika kumudzi iwe usanafike.

Mlongo wanga anamuuza kuti akupita ku wekishopu. Bodza limeneli silifa msanga, chifukwa m'Malawi muno palibe amafunsa kuti wekishopuyo ndi ya chiyani. Funso limakhala lakuti alawansi ndi zingati. Mlongo wanga anangoti, "Mukabwereko ndi mafuta ophikira, abambo."

Bajeti anailemba kuseri kwa pepala la mayeso: thiransipoti, pogona, chakudya, mpamba. Pansi pake anajambula mizere iwiri n'kulemba kuti "phindu: malata". Ndalama yobwerera anaipinda n'kuiika m'sokosi ya kumanzere, ndipo analumbira pali malemu agogo awo kuti siituluka mpaka pa depoti.

* * *

Atangotsika ku depoti ya ku Old Town, anyamata anayi anagwira chikwama chawo, aliyense akukokera kwake. Wina akuti Mchinji, wina Salima, wina Kasungu, wina akuti Dedza komwe amachokerako.

"Sindikupita kulikonse, ndafika!"

"Ndiye mwafika bwino madala. Ya madzi."

Anapereka. Mu bajeti munalibe mzere wa kufika bwino.

Pogona anapeza kachipinda kotchipa kuseri kwa msewu wa Malangalanga. Mayi wolandira alendo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mugona usiku wonse kapena mungopumula?"

"Usiku wonse, mayi."

"Muli ndi ndani?"

"Ndili ndekha."

Mayiyo anasuzumira panja kuti aone amene wabisala kuseri kwa mpanda. Ataona kuti kulibedi munthu, anawapatsa kiyi mwachisoni. Kiyiyo inali yaulemu chabe, chitseko chimatsekedwa ndi msomali wopinda. Neti inalipo, koma mabowo ake udzudzu umalowa uli chilili.

* * *

Wina anawauza kuti ku kasino salola patapata ndi malaya a chipani. Ndiye panafunika jekete. Jekete yotchipa ili ku kaunjika wa ku Tsoka, ndipo njira yachidule ndi timilatho tamatabwa tija ta pa mtsinje wa Lilongwe, timene eni ake anakhoma okha ndipo aliyense wodutsa amalipira. Alamu analipira popita, analipira pobwera, kenako anakumbuka kuti asiya chipewa kwa wogulitsa. Analipiranso kawiri.

Ulendo womalizawo anaima pang'ono kuyang'ana ndalama zikugwera m'dzanja la mwini mlatho.

"Achimwene, kodi inu juga mumatchova?"

"Ine ayi, bambo. Otchova amadutsa pano popita, amadutsanso pobwera. Kungoti pobwera ndiye amavuta kulipira."

Jekete inali yabwino ndithu, yotuwa, mikono yotalikirapo pang'ono. M'thumba lamkati anapezamo katikiti kakale kachizungu kolembedwa nambala 17. Alamu anakhala chete. Munthu amene amakwapula ana ndi choko akanena kuti aphonya samu chifukwa cha tsoka, tsiku limenelo anaona kuti mizimu yalankhula kudzera m'belo la kaunjika.

* * *

Nkhomaliro anaichotsa mu bajeti, chifukwa ku Area 10 kuli mnzawo amene anaphunzira naye ku sekondale, pano ndi bwana m'boma. Anzeru akale anati mlendo ndi mame, ndipo alamu anakonza zokakhala mame a pa mbale ya nkhuku.

Apa pafunika kufotokoza za mzinda wathuwu. Lilongwe anasanduka likulu mu 1975, boma litasamuka ku Zomba, ndipo amene anajambula mapulani anaumwaza mzindawu dala. Old Town kuno, City Centre ndi Capital Hill uko, pakati pake nkhalango. Ma Area nawo manambala ake satsatana. Area 43 yagundana ndi Area 10, pomwe Area 9 ili mbali ya ku Old Town kufupi ndi Area 3. Ife okhala muno tinasiya kufunsa. Koma mphunzitsi wa masamu amakhulupirira kuti 9 ikatha pamabwera 10.

Anayenda wapansi mpaka Area 9 kuti apulumutse ya minibasi, thukuta lili kamukamu m'jekete. Kenako anaimitsa wa kabaza wa njinga yamoto.

"Mwana wanga, pano ndi pa 9. Ku 10 ndi pafupi, eti?"

"Pafupi kwambiri madala, nambala imodzi yokha. Kwerani."

Anayenda, anayenda, mpaka alamu anayamba kuganiza kuti akubedwa. Atafika, mtengo unali wa nkhomaliro ziwiri.

"Paja unati nambala imodzi yokha?"

"Eya, koma njinga siyendera manambala madala, imayendera petulo."

Ku Area 10 kulibe woti n'kumufunsa njira. Kuli mipanda yaitali, mawaya amagetsi pamwamba, mitengo ya maluwa ndi agalu amene amadya bwino kuposa aphunzitsi. Kulibe chiwaya cha tchipisi, kulibe mayi wa mandasi, ngakhale mwana wosewera mumsewu. Atagogoda pageti, kazenera kachitsulo kanatseguka, n'kutulukira diso limodzi la mlonda.

"Abwana kulibe. Ali ku wekishopu ku Mangochi."

Alamu akuti sanakwiye. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Ndamvetsa. Nanenso ndili ku wekishopu."

* * *

Madzulo anatsetserekera ku City Centre ali ndi chinangwa chootcha m'mimba. Anadutsa nyumba ya malamulo imene inatsegulidwa mu 2010, n'kuima pa chiliza cha Kamuzu. Pamenepo anatulutsa ma K5,000 awo, ndalama ija inatuluka mu 2022 yokhala ndi nkhope ya Ngwazi yomweyo, anavula chipewa n'kunong'ona kuti, "Bambo, mundikhululukire kumene ndikukupititsani usiku uno. Mawa mubwerako muli ambiri."

Kasinoyo sindiitchula dzina. Pakhomo mlonda wa suti yakuda anawapempha chitupa, poti lamulo silola mwana wosakwana zaka 18 kutchova juga. Alamu, amene imvi zawo zimaonekera patali, anakondwa kwambiri moti anafuna kumupatsa ya madzi. Juga ya m'nyumba zoterezi ndi yovomerezeka kuyambira pa lamulo la 1996, ndipo lero imayang'aniridwa ndi bungwe la MAGLA, limene linabwera ndi lamulo latsopano la 2022. Choncho zonse zimene zinawachitikira alamu usiku umenewo zinachitika motsatira malamulo a dziko lino.

M'katimo munalibe wotchi, munalibe zenera, munkazizira ngati Juni wa kwawo ku Dedza. Anapita pakauntala, anapereka Angwazi onse, mtsikana anawabwezera timapulasitiki tozungulira tosadzaza dzanja.

"Mayi, zatsala zina?"

"Ndi zomwezo, bwana."

Ine ndimati apa ndi pamene pali nzeru zonse za eni kasino. Munthu sangataye K5,000 patebulo osamva kupweteka pachifuwa, koma kapulasitiki amangokankha ndi chala.

* * *

Anasankha tebulo la gudumu lija la roulette. Gudumulo lili ndi timapako 37, kuyambira 0 mpaka 36. Ukalasa nambala amakupatsa ndalama yako kuchulukitsa ka 35, pomwe chilungamo chikanakhala ka 36. Kusiyana kwakung'onoko ndiye chakudya cha mwini nyumba: pa makwacha 37 alionse oikidwa patebulo, imodzi imatsala kwa iye, kaya kugwe mvula kaya kukhale chilala. Zimenezi anandifotokozera ndi alamu eni ake, mpaka kundilembera kuti ndi 2.7 pa 100 iliyonse.

"Nanga munaseweranji, alamu, zonsezi mukuzidziwa?"

"Masamu ndimaphunzitsa masana, alamu. Usiku ndine munthu ngati wina aliyense."

Anaika pa 17. Kampira kanazungulira, kanadumphadumpha, n'kukagwera pa 16. Alamu anaimirira.

"Ndaphonya ndi imodzi yokha!"

Bambo wina wamimba amene anakhala pambali pawo anawakoka jekete. "Khalani pansi akulu, taonani gudumulo. Oyandikana ndi 17 ndi 25 ndi 34. Imeneyo 16 ili kutsidya. Manambala a pamenepa anaika ndi yemwe uja anaika ma Area."

Bambo ameneyu anali ndi kabuku kodzaza manambala, ndipo anati ali ndi sisitimu imene waikonza kwa zaka zambiri. Anawalongosolera alamu mwachifatse, kenako anawabwereka kapulasitiki kamodzi kuti awaonetse mmene imagwirira ntchito. Inagwiradi ntchito. Kapulasitiko sikanabwerere.

Alamu anasiya manambala n'kuyamba mitundu, ofiira kapena akuda. Apa zinayenda. Anapata, anapatanso, anapatanso kachitatu. Mikono ya jekete anaipinda. Woperekera zakumwa amene poyamba amamutchula kuti achimwene, tsopano anali "iwe mnyamata". M'mutu mwawo malata anali atakhomedwa kale, akuganiza zoti khonde likhale la simenti yofiira. Ndiye anasonkhanitsa zonse, theka pa ofiira, theka pa akuda, kuti apume kaye osataya kanthu.

Kampira kanagwera pa 0. Ameneyu ndi wobiriwira. Mtsikana wa patebulo anakokolola mbali zonse ziwiri ndi manja osalala, akumwetulira mwaulemu.

* * *

Atazindikira kuti zoziziritsa kukhosi osewera amapatsidwa ulere, mphunzitsi wa masamu anadzuka mwa iwo. Anawerengera kuti akamwa mabotolo 140 abweza mpamba wonse. Anafika pa asanu ndi limodzi, thupi linakana.

Kuchimbudziko ndi kumene kunachitika msonkhano wa iwo ndi sokosi ya kumanzere. Zokambirana sizinatenge nthawi. Alamu anati lumbiro linali lakuti ndalamayo isatuluke mpaka pa depoti, koma silinanene kuti depoti yake iti, ndipo malo alionse amene munthu amafikapo n'kuchokapo ndi depoti. Agogo awo sanayankhe. Ndalamayo inalowa m'makina a zithunzi za zipatso aja, makinawo anaimba kanyimbo kokoma, basi.

Anatuluka tambala woyamba asanalire. Panja mlonda wa magalimoto anali ataweramira foni, akutukwana pang'onopang'ono. Amasewera kandege kaja ka Aviator: umaika ndalama, kandege kamakwera ndalama ikuchuluka, ndipo uyenera kuichotsa kasanathawe. Nthawi zonse kamathawa chala chili m'njira.

"Zakuyenderani bwanji m'katimo, bwana?"

"Andidya."

"Pepani. Ifetu timadyedwera pompano pafoni, osavutika n'kugula jekete."

Alamu ananena kuti ayenda wapansi kubwerera ku Old Town. Mlondayo anawagwira mkono. Msewu wa Kenyatta umadutsa m'mbali mwa nkhalango ija ya Lilongwe Wildlife Centre, ndipo afisi a mumzinda muno si nthano, alipodi ndipo amayenda usiku.

"Dikirani kuche, bwana. A miyendo inayiwo mwina angakusiyeni. A miyendo iwiri akakupezani mulibe kanthu amakwiya kwambiri."

Anagona pabenchi ya mlonda, atafunda jekete. Chipinda chimene analipira usiku wonse chinagona chokha, ndipo udzudzu wa ku Malangalanga unagona ndi njala.

* * *

Ine ndinadziwa kuti alamu ali mumzinda muno m'mawa mwake, foni italira kamodzi n'kuduka. Nditaimba ndinamva mawu a munthu wodwala.

"Alamu, muli bwanji kunyumbako? Ana? Ine ndili ku Lilongwe konkuno, wekishopu yatha koma alawansi akuti atumiza pafoni. Mungandithandizeko ya mafuta ophikira?"

Ya mafuta ndinatumiza, chifukwa wodya mafutawo ndi mlongo wanga. Ya minibasi ndinawauza kuti aone okha.

Ndiye anabwerera ku Tsoka kukagulitsa jekete. Pamlatho anayamba kufotokoza za mavuto a aphunzitsi m'dziko muno, mwini mlatho anangotambasula dzanja osayankha. Wa kaunjika anaitembenuza jeketeyo, anainunkhiza, n'kunena kuti yatha fasho, apereka theka la mtengo wa dzulo. Alamu analibe mphamvu zokangana. Polandira ndalama anakumbuka katikiti kaja, n'kupisa m'thumba lamkati kuti akang'ambe.

Mnyamatayo anawagwira dzanja msangamsanga.

"Ayi madala, kasiyeni momwemo. Jekete imeneyi mwezi uno ndaigulitsa kanayi chifukwa cha katikiti kameneko."