Ukwati wa mafuta ndi viniga

Randburg, Johannesburg
23 June 2024

Okondedwa Amalume,

Kuno kwazizira koopsa, m'mawa kapinga wapabwalo amachita kuyera ndi chisanu, koma moyo ulipo.

Ndati ndikudziwitseni kuti ntchito yanu ya unkhoswe ija, imene mwamerera nayo imvi osalandirapo ndi tambala yomwe, kuno ikugwiridwa ndi kabotolo kochokera ku France. Musayambe kuseka, ndifotokoze kaye.

Mayi wa ku Zimbabwe amene ankaphika pano anabwerera kwawo, ndiye madamu andichotsa kumaluwa n'kundilowetsa kukhitchini. Lamulo lawo ndi lakuti chilichonse tizipanga tokha. Ku Woolworths ndi ku Pick n Pay mabotolo a msuzi wothira pa saladi ali mbwee m'mashelefu, koma iwo ati mmenemo mwadzaza shuga ndi mankhwala, msuziwo ndizisakaniza ndi manja angawa. Saladiyo ndi masamba aawisi, amalume. Aawisi ndithu, osaonako moto. Chondizunguza mutu n'chakuti ndili kumaluwa, madamu omwewa ankandizulitsa chisoso ndi bonongwe kuseri kwa dziwe losambiramo, ati ndi tchire, kenaka n'kuliza galimoto kukagula timasamba tina totchedwa rocket, towawa kuposa chisosocho, tili m'kapulasitiki kolembedwa tsiku loti tidzawonongeke. Bonongweyo sindinkataya, musade nkhawa, ankathera mumphika kuchipinda kwanga.

Tsono za ukwatiwo. Mwamuna ndi mafuta a olivi. Ameneyu ndi mkamwini weniweni: ngochokera kutali, ngonyada, ndipo ntchito imene amaidziwa n'kuyandama pamwamba basi. Panopa wafika podula kwambiri chifukwa ku Spain, kumene kumachokera mafuta ambiri amtunduwu, kunagwa chilala mu 2022 ndi 2023, moti ndikamathira madamu amaima kumbuyo kwanga, mpweya wawo ndikuumva m'khosi. Mkazi ndi viniga, mwini mudzi, wa pakamwa powawasa. Muyeso wake ndi masupuni atatu a mwamuna, imodzi ya mkazi. Nditafunsa kuti bwanji mkaziyo tikum'mana, madamu anati imodzi yomweyo ikukwana kuti nyumba yonse imumve. Ndinangoti mumtima, ameneyu ndiye wa kwathu.

Mukawathira awiriwa m'botolo la jamu n'kukhutchumula mwamphamvu, amaoneka ngati amvana. Zonse zimangoti mbuu, simungalozenso kuti uyu ndi uyu. Koma ikani botololo pathebulo, tembenukani mukatenge mbale. Pobwerako mupeza bambo akwera pamwamba, mayi akhala pansi, pakati padutsa mzere, palibe woyankhula mnzake. Mukhutchumule kakhumi, kakhumi konse apatukana.

Apa m'pamene amalowa nkhoswe, dzina lake masitadi wa Dijon. Kasupuni ka tiyi kamodzi basi. Ndipo musamuope chifukwa cha dzinalo, si mlendo ayi. Ndi njere za mpiru zoperapera, mpiru womwewu umene amayi amaunjika pamsika wa Migowi. Ife timathothola masamba, anzathu amadikira njere, n'kuziika m'galasi, n'kuzikweza ndege. Kagwiridwe kake ka ntchito ndi kanu komwe kaja. Dzanja limodzi amagwira mwamuna, lina mkazi. Mukakhutchumula, mwamuna uja amasweka n'kukhala timadontho ting'onoting'ono, kunyada konse kwatha, ndiye nkhosweyo amatizinga timadonthoto kuti tisakumanenso n'kuyamba upo. Msuzi umalimba, umamata kusupuni, banja limafika Lachisanu lili bwinobwino.

Mwambo wake ulinso ndi ndondomeko. Mchere umayamba wapita kwa mkazi, chifukwa m'mafuta susungunuka; mkamwini malangizo salowa. Uchi pang'ono, kameneko ndiye kachitenje kopepesera. Adyo ndi apongozi. Amalowa kachidutswa kamodzi, mwaulemu, ati angodutsa, koma pofika mawa botolo lonse likumveka iwo okhaokha. Mukaligoneka mufuriji, m'mawa mupeza mkamwini waundana, wanyanyala, sakusuntha. Sitimukalipira. Timamutulutsa akhale pawindo aothere dzuwa, kenaka nkhoswe ayambirenso.

Palinso ukwati wa kutchalitchi, wa velo ndi keke, dzina lake mayonezi. Nkhoswe wake ndi kachikasu ka m'kati mwa dzira. Kumeneko mwamuna salowa m'mudzi ndi katundu yense tsiku limodzi. Amalowa dontho, dontho, dzanja lamanja likutakasa osapuma mpaka phewa kuwawa. Mukangofulumira, ukwati watha pomwepo, m'mbale mwangotsala timibulu tikusambira. Koma madamu sataya. Amaswa dzira lina m'mbale ina, n'kumathiramo banja lopasukalo pang'onopang'ono mpaka ligwiranenso. Woyamba akalephera amakatenga nkhoswe wachiwiri, monga munachitira pa mlandu uja wa ku Chiringa. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno sipaphedwa nkhuku.

Nanga ziwiya zake! Masamba uwatsuke, kenaka uwaike m'kabeseni kokhala ndi chopukusira, uwazunguze mpaka aume gwa, chifukwa akakhala onyowa msuzi umangotsetsereka. Ndipo banjalo sulitulutsa kwa anthu nthawi isanakwane. Ukathira msanga, pofika pathebulo masamba afota ndi manyazi. Thabwa lodulirapo nyama ndi lofiira, la masamba lobiriwira, ukasokoneza ndi mlandu wa kwa amfumu. Makoko a anyezi ali ndi ndowa yawo, mabotolo yawo, mapepala yawo. Pali makina otsuka mbale amene salandira mbale yakuda, uyambe waitsukuluza iwe. Kalongonda amakhala pamoto tsiku lathunthu koma amadetsa mphika umodzi. Chakudya chosaphikachi chikatha, ine ndimaima pasinki mpaka nkhani za pa TV zitatha. Dzulo bwana analawa n'kunena kuti msuzi wanga waposa wa ku lesitilanti, ati ndili ndi dzanja lodziwa kugwirizanitsa zinthu, ndipo ndinatsala pang'ono kuwauza kuti n'zakumtundu.

Amalume, kodi n'zoona kuti amake ana anabwera kwanu Lamlungu lapitali, ali ndi achimwene awo?

Ndamva kwa mnyamata wina wa kwathu konko amene wafika sabata ino pa basi. Ati anakhala pakhonde panu mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mawu amene anatuluka ndi akuti atopa. Inu simunandiuze, iwonso pafoni amangoti tonse tili bwino. Chimveretu nkhaniyi tulo sindikutiona.

Sindikuwatsutsa. Chigwetsereni namondwe wa Freddy nyumba ija mu March 2023, zidina anaumba okha, kuotcha okha, ine ndikungotumiza mawu. Ndinalonjeza malata mvula isanagwe, mvula inabwera n'kupita. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November, anthu kumeneko anayamba kunena kuti a ku Joni alemera, poti uthenga wa Mukuru ukalowa pafoni manambala amaoneka ambiri. Koma malata nawo anakwera, simenti inakwera, ndipo chimanga chitapserera ndi ng'amba ya chaka chino, ndalama imene ndinkaika padera yathera ufa. Malipiro anga sanasinthe. Ndalowa kukhitchini koma envelopu ndi ya kumaluwa yomwe ija.

Mudzati bwanji osangobwera tidzakambirane. Masiku a papasipoti yanga anatha kalekale. Lamulo la kuno ndi lakuti ukapitiriza masiku oposa 30, potuluka pachipata amakudinda kuti usalowenso kwa zaka zisanu. Ndikakwera basi pa Park Station, ndiye kuti ntchito ndaisiya, ndipo ndifika pa Mwanza ndili ndi chikwama ndi bulangete. Ndikakhala, nyumba iziyenda koma mwini wake palibe. Kamtsikana kaja ndinakasiya kali kumsana, tsiku lina pafoni kanafunsa amake kuti ankolo a ku Joniwa adzabwera liti. Amake anaseka. Ine ndinanamizira netiweki n'kudula.

Ndiye ndikupempheni, amalume. Akabweranso ndi abale awo musavomere kuti nkhaniyi ipite patali ine ndisanayankhule nawo. Muwamvere zonse, musawadule mawu, ndipo musandiikire kumbuyo pamene ndalakwa, amadziwa mukamatero. Muwauze kuti mwezi uno ukatha nditumiza R2,500. Pa ndalamayo R500 ikhale ya ufa ndi sopo, yotsalayo igule malata ngakhale ochepa, afoleretu chipinda chogona ana. Ndalamayo ipite m'manja mwawo, osati mwa achimwene awo, ndipo zimenezi mudziwa inu kanenedwe kake. Ina ndikuyembekeza kubwereka kwa bwana, ndikungodikira tsiku loti adye bwino. Nandolo akacha asagulitse yense kwa mavenda oyambirira, asungeko matumba awiri.

Tsamba lachiwirili musapatse ana kuti akuwerengereni, muvale magalasi aja muwerenge nokha. Lamlungu masana madamu amapita kwa mwana wawo ku Pretoria, nyumba imakhala yanga. Mukatuluka m'tchalitchi mupite nayo foni kwa amake ana, mungofulasha, ndiimba ndine.

Ndine mwana wanu,
wa ku Joni