Nditumizireni Chisoti cha Agogo

Turffontein, Johannesburg
7 January 2024

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Kaluluma pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndilipo, kupatula nsidze yakumanzere imene inapsa pa Khirisimasi. Yayamba kuphukira. Amayi musawauze.

Wandipsereza ndi Fulu. Musachite ngati mwamuiwala, chifukwa chaka chilichonse mutu wake munkadya ndinu, ati ndinu wamkulu.

Zinayamba ndi mwana wanuyu wobadwira kuno. Anachoka kusukulu atatupa masaya, ati mnzake amugulira keke yooneka ngati galimoto, matayala ake a chokoleti. Ine posafuna kugonja ndinati, "Iwe, galimoto n'chiyani? Ife ku Kasungu tinkadya keke ya miyendo inayi, ya mutu ndi maso omwe." Mwanayo anasiya kulira, n'kundiuza kuti aione pa Khirisimasi. Mlamu wanu anangoti "tiona", uku akupukuta mbale imene inali youma kale.

Ndinayamba ndamufotokozera mbiri. Agogo aamuna anachoka ku migodi ya konkuno mu 1975, Kamuzu ataletsa Wenela kulemba anthu chifukwa cha ndege ija inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi 74. Anzawo anafika kumudzi ndi njinga, mawailesi ndi makina osokera. Athuwa anafika ndi chifuwa, sutikesi imodzi ndi chisoti chachitsulo cha mumgodi. Agogo aakazi atachiyang'ana anati ku Kaluluma kulibe mwala wogwa kuchokera kumwamba, ndipo mutu wa amuna awo unali wouma kale. Anachigadabuza, chinasanduka poto.

Ndikatsinzina ndimaonabe zonse. Nthochi zakupsa mpaka makoko kuda bii, agogo akuzikanya ndi manja. Mgaiwa wa kuchigayo cha pa Nkhamenya, kamchere, ndi chidulo cha zitsononkho, poti soda anali wa anthu a pa boma. Tsamba la nthochi ankaliwaula kaye pamoto kuti lisang'ambike, n'kuliyala m'chisotimo. Makala pansi, chibenthu cha lata pamwamba, makala enanso pa latapo, ife kuthamangitsidwa kuti tisamasuzumire. Akachivundukula, chigumu chija chinkatuluka chotukuka msana, mizere ya chisoti itadinda ngati chigoba. Miyendo zinali zitumbuwa zinayi, chachisanu mutu, maso mtedza wa chalimbana.

Ndipo paja Fulu anali nyuzipepala ya pakhomo pathu. Ankabwera kawiri pachaka, pa Khirisimasi ndi ndalama za fodya zikatuluka. Akakhala wa shuga, tinkadziwa kuti mabelo a abambo ayenda bwino ku Kanengo. Akakhala wa mchere wokhawokha, aliyense ankadya mwakachetechete, osatchula za nsapato zatsopano.

Ulendo woyamba woyesa kumuphika kuno ndinagula ufa wa m'sitolo. Ufa wa kuno, achemwali, ndi woyera ngati diresi ya mkwatibwi, gaga ngakhale wa mankhwala mulibe. Nthochi zake n'zokongola ngati za pa kalendala, koma fungo ziii. Ndinazibisa pamwamba pa wadirobu sabata yathunthu kuti zide, ndipo kawiri konse ndinakazitola m'bini mlamu wanu atazitaya. Chimene chinatuluka mu uvuni sindingachitchule chigumu. Mnzanga wa ku Mangochi amene timagawana naye khitchini akutsekera nacho chitseko kuti chisamamenyeke ndi mphepo, ndipo mpaka lero sichinagumuke.

Ulendo wachiwiri ndinakonzeka ngati wokapereka chiwongo. Ndinakwera takisi mpaka ku msika wa Yeoville, pa Rockey Street, komwe mayi wina wa ku Mzimba amagulitsa mgaiwa, usipa ndi nyemba zakwathu. Atamva kuti ndine wa kwa Kaluluma anandilonjera m'Chitumbuka, kundifunsa za Jenda ndi Chatoloma ngati abale ake, koma mtengo sanatsitse ngakhale pang'ono. Masamba ndinadula awiri kwa abwana kumene ndimasamala maluwa. Kuno anthu olemera amadzala nthochi zosabereka, zongoyang'ana, ndipo amandilipira kuti ndizizithirira. Agogo akanamva zimenezi akanadzuka.

Chinatsala ndi chisoti. Mnzanga wa ku Mangochi uja amagwira ntchito ya zomangamanga, ndiye anabwera nacho chachikasu, cha mizere yake bwinobwino. Ndikudziwa chimene mukufuna kufunsa. Ee, chinali chapulasitiki. Ee, ndinaona. Koma tinakhala pansi amuna awiri a ndevu zathu, n'kugwirizana kuti chinthu chopirira njerwa yogwa kuchokera pansanjika yachisanu sichingaope ka uvuni. Tinachikulunga ndi foyilo katatu.

Titangochilowetsa, magetsi anathima. Kuno amathima mwaulemu, pa ndondomeko yolembedwa pafoni, koma ife tinali tisanayang'ane. Tinadikira mumdima, tinatopa, tinakagona. Uvuni palibe anakumbuka kuzimitsa.

Magetsi anabwera anthu tili mtulo. Ndinadzidzimuka ndi fungo ngati wina akuotcha matayala pa chionetsero. Potsegula uvuni, lawi linandipatsa moni kumaso, ndipo nsidze inapita pomwepo. Fulu anali atavala chisoti chija mpaka kumapazi, chikasu chikudontha ngati mamina a mwana wa chimfine. Mwini nyumba anatulukira atavala thaulo, akulalata m'Chizulu, m'Chisutu ndi m'Chingerezi nthawi imodzi. Mawu okhawo amene ndinamva bwino ndi a ndalama ya uvuni watsopano.

Pa 26 December ndinachita zimene ndikanachita poyamba. Mbaula panja, makala pansi ndi pamwamba, mbale yachitsulo yoyalamo tsamba. Neba wathu wa ku Bulawayo atandiona nditanyonyomala, ndikuuzira moto ndi nsidze imodzi, kenaka ndikubaya maso a mtedza pa kamutu, anaitana ana ake kuti alowe m'nyumba msanga. Mpaka pano amandipatsa moni ndi manja awiri.

Chigumu chinapsa bwino, osanama. Kungoti mbaleyo ndi yaphwatalala, ndiye Fulu anatuluka ngati wapondedwa ndi lole ya fodya pa M1. Mwana uja anamuzungulira kawiri, n'kunena pa Chingerezi kuti imeneyi ndi nsima ya maso. Kenaka, osapempha, osayang'ana munthu, anabudula mutu n'kuponya m'kamwa. Magazi anu amenewo.

Ine nditalawa ndinamva kuti chinachake chikusowa. Mlamu wanu akuti ndi utsi wa zitsononkho. Ine ndikuti ndi kadzimbiri ka chisoti chija, mwinanso ndi thukuta la agogo la zaka zonse za mumgodi.

Tsono pempho langa ndi ili. Ulendo watha nditabwera kumudzi, chisoti cha agogo ndinachiona pansi pa nkhokwe, abakha akumweramo. Chilandeni, muchikweche ndi mchenga, muchikulunge m'chitenje pamodzi ndi mgaiwa ndowa imodzi ndi chalimbana, mupatse mnyamata wa thiransipoti amene wabweretsa kalatayi. Akamufunsa pa Mwanza kapena pa Beitbridge anene kuti ndi poto. Asayerekeze kuvala, angamuyese wa migodi yozemba.

Ndalama ya feteleza wobereketsa ndatumiza pa Mukuru, yaperewera pang'ono chifukwa cha uvuni uja. Abakha muwagulire beseni, ndidzabweza.

Ndine mlongo wanu,
Wodya miyendo