Fungo silipha, chimapha ndi phula

Unali mwezi wa Okutobala mu Lilongwe, dzuwa lili lowamba mtengo. Ndinali pa Bwalo la Njovu, changu chili cha ku Kawale, ndiye ndinaitana kabaza wa njinga yamoto. Mnyamatayo anandipatsa helemeti. Nditangoti ndiilowetse, mphuno zanga zinakumana ndi onse amene anakwerapo njingayo chiyambire Januwale: thukuta la abambo ena, mafuta a m'tsitsi la amayi ena, ndi kafungo ka mkulu wina amene zikuoneka kuti sanagone kwawo.

"Achimwene, mulibe ina?"

"Valani bwana. Fungo silipha, chimapha ndi phula."

Ndinasowa choyankha, poti mnyamatayo sananame. Ndinavala. Mpaka kukafika ku Kawale ndinapuma katatu kokha.

* * *

Helemeti ya okwera ili ndi maganyu ambiri. Pakasowa kasitomala imalendewera pa hendulo n'kusanduka dengu. Tsiku lina ndinavala ina itangotsitsa kumene bonya wa ndiwo zamadzulo. Kufika kunyumba, mphaka wa aneba, amene chikhalire sanandipatsepo moni, anandichingamira ngati mbale wake wochokera ku Joni. Mayi akunyumba anangondinunkhiza kumutu kamodzi.

"Bambo a ana, kumene mwadya nsimako, ndiwo amapakulira pamutu?"

* * *

Pa lendi pathu pali mnyamata wa kabaza amene makasitomala anayamba kumuzemba chifukwa cha nkhani yomweyi. Anagula pafyumu wa mumsika n'kupopera theka la botolo. Helemeti inayamba kununkha ngati tonde wopita ku ukwati.

Anzake pa siteji anamuuza kuti mankhwala ake ndi petulo. Mwayi wake, mkazi wake anamupeza chigubu chili m'manja.

"Abambo, petulo mwagonera pamzere masiku awiri uja, mukufuna mumwetse chipewa?"

Mayiyo anapulumutsa zambiri. Pansi pa siponji ya m'helemeti pali chinthu choyera cholimbirako, ndipo ndicho chimalandira nkhonya ya phula m'malo mwa chigaza. Petulo amachisungunula ngati shuga m'tiyi. Moto wa mbaula nawonso umachiwononga, ngakhale kunja helemeti izioneka yabwinobwino.

Mlamu wathuyo analanda helemetiyo. Anazula siponji, poti inali yochoka, n'kuichapa m'madzi ofunda ndi kasopo pang'ono, osapotokola ngati chitenje, kungofinya. Anatsukuluza mpaka thovu linatha, n'kuyanika pamthunzi podutsa mphepo. Lamba wa pachibwano ndiye anatulutsa madzi akuda bii, oti mutathirira mpiru ukhoza kubiriwira. Usiku anawazamo soda, yemwe uja wa therere, kuti akoke fungo lotsala.

Chimene anaiwala kumuuza mwamunayo n'chakuti m'mawa sodayo amakutumula. Kasitomala woyamba anali bwana wa suti yakuda, wopita ku Capital Hill. Anakwera ali mnyamata, anatsika ali ndi imvi, mapewa ali mbuu ngati wogwira ntchito kuchigayo. Madzulo ake banjalo linadya therere lopanda soda, aliyense akutafuna mwakachetechete.

* * *

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse helemeti imachapidwa n'kuikidwa chagada pakhonde. Sabata yatha mnyamatayo anaisiya pamenepo masiku atatu chifukwa cha maliro akumudzi. Pobwera anapeza nkhuku ya alandilodi itakhalamo, mazira awiri ali pansi pake. Atati aitulutse inamujompha. Alandilodi anatuluka n'kumukumbutsa mwaulemu za lendi ya miyezi iwiri.

Lolemba apolisi apamsewu anamuimitsa pa Mchesi, kasitomala ali mutu pamtunda.

"Aphwanga, helemeti ya abwanawa ili kuti?"

"Ilipo bwana, koma ili pa ntchito ina."

"Ibwera liti?"

"Akaswa anapiye."