Ulemu Upite kwa Kamsilikali Kothawa

Pa zonse zimene akatswiri a masewera a nkhondo a pa bolodi anatulukira, palibe chonyozeka ngati lamulo la molalo, loyesa kulimba mtima kwa asilikali. M'mabuku ena a malamulo limapezeka kumapeto kwenikweni, m'gulu la malamulo ochita kusankha, kutanthauza kuti wosalifuna angolidumpha. Mlandu wake ndi umodzi: limapatsa kachidutswa ka katoni ufulu wochita mantha. Munthu wagula masewera ndi ndalama zake, wayala mapu patebulo, wandandalika asilikali ake, pulani wayikonza mpaka mutu kuwawa, ndiye nkhondo itangoyamba, kakatoni kosaposa chikhadabo kakuti phazi thandize, kulowera kunkhalango. Eni masewera amakatukwana. Ine ndikuti kakatoni kameneka n'koyenera kukamangira chipilala, chifukwa patebulo ponsepo ndi kokhako kamene sikanama.

Taonani ngwazi zimene tinali nazo kakatonika kasanabwere. Msilikali wa mu tchesi mukamutuma kukafa, amapita osafunsa n'komwe, ndipo mnzake woyandikana naye amangoti njii ngati palibe chachitika. Mu 1913, H. G. Wells anasindikiza Little Wars, malamulo osewerera nkhondo ndi tizidole ta asilikali pansi m'nyumba. Tizidoleto timaima chilili kudikira kuti kamzinga ka sipuling'i katigwetse. Charles S. Roberts atatulutsa Tactics mu 1954, kenako n'kuyambitsa kampani ya Avalon Hill ku Baltimore mu 1958, magulu a asilikali anasanduka timakatoni, koma mtima unakhala womwe uja. Dayisi ikalamula kuti gulu libwerere m'mbuyo, limabwerera mwaulemu, ndipo ikafika nthawi yake yoyenda limaukiranso ngati lachokera kokasamba. Asilikali otere ndi osiririka zedi. Vuto lawo n'lakuti dziko lapansi silinawaonepo.

Amene anaona nkhondo yeniyeni amanena zina. Ardant du Picq, msilikali wamkulu wa ku France amene anafa ndi mabala a nkhondo pafupi ndi Metz mu 1870, anafufuza nkhondo zamakedzana n'kupeza kuti ogonja ambiri samafa akulimbana maso ndi maso, amafa atatembenuka kale, akulasidwa kumsana. Nkhondo imatha pamene mbali imodzi yataya mtima, kuphanako kumabwera pambuyo. Ku Waterloo, madzulo a pa 18 Juni 1815, Napoleon anali adakali ndi asilikali zikwizikwi a miyendo iwiri ndi mfuti m'manja. Koma ataona kuti gulu lapadera lolondera mfumu, limene onse amalidalira, labwezedwa m'mbuyo, uku Aprussia akuthithikana kumbali, gulu lankhondo lonse linamwazikana. Wopanga masewera amene amachotsa mantha pa Waterloo wachotsa Waterloo yomwe, watsala ndi masamu ochotsera basi. S. L. A. Marshall anapitirira apo mu 1947, m'buku lake la Men Against Fire, ponena kuti mwa asilikali anayi a ku America, amene amaombera samaposa mmodzi. Ofufuza a pambuyo pake anakayikira kwambiri mmene anapezera nambalayo, ndipo sindiyitenga ngati umboni. Ndikungoona kuti ngakhale omutsutsawo sananene kuti msilikali ndi mwala.

Munthu amene anakapatsa mpando wapamwamba kamsilikali kathu ndi John Hill, mu Squad Leader ya 1977. Tiyeni tikayang'ane pafupi. Kabokosi kalikonse pa mapu kakuimira mamita 40, ulendo uliwonse wosewera ukuimira mphindi ziwiri, ndipo kakatoni kalikonse ndi kagulu ka asilikali pafupifupi khumi. Ka Ajeremani kalembedwa 4-6-7, ka Arasha 4-4-7, ka Amereka 6-6-6. Nambala yoyamba ndi mphamvu ya mfuti, yachiwiri ndi kutalika kwa pamene zipolopolo zikufika, yachitatu ndiwo mtima. Kakaomberedwa, mwini wake amaponya madayisi awiri. Akaposa nambala yachitatuyo, amakatembenuza chafufumimba ndi zala zake zomwe: kasweka. Sikaomberanso, sikamveranso, kamangothamangira kunyumba kapena kumitengo yapafupi n'kukabisala, mpaka mtsogoleri akakapeze n'kukalimbitsa mtima. Madayisi awiri amagwa m'njira 36. Mwa zimenezi, 21 zimapereka 7 kapena kucheperapo, pamene 15 zokha ndizo zimapereka 6 kutsika m'munsi. Choncho Mmereka wa mfuti zamphamvu uja, ngakhale pa mayeso opepukitsitsa, amathawa kawirikawiri kuposa mmene amaimira. Ndi ngwazi iti ya mu tchesi imene inavomerapo kuti chofooka chake chilembedwe pamphumi, aliyense aziwerenga?

Odandaula amati lamuloli limalanda wosewera ulamuliro n'kuupereka kwa madayisi. Akunena zoona, ndipo apa ndi pamene pagona ubwino wake. Wosewera amakhala pamwamba pa mapu ngati kabawi, akuona mdani aliyense kuseri kwa phiri lililonse, tiyi ali pambali. Palibe kaputeni wa ku Stalingrad amene anakhalapo pabwino chotere. Kamsilikali kothawa ndiko kamamutsitsa pansi. Komanso si zoona kuti zonse zatsalira mwayi. Ikani mtsogoleri wa 9-2 pamodzi ndi kagulu ka Ajeremani: iye amachotsa 2 pa zimene madayisi apereka, ndipo njira zopulumukira zimakwera kuchoka pa 21 kufika pa 30. Apa mwadzidzidzi munthu mmodzi wa kamfuti ka m'chiuno wakhala wofunika kuposa chimfuti cha chiwaya, ndipo wosewera ayenera kuganiza: ndimuike kutsogolo kumene angalimbitse anyamata koma n'kuphedwa, kapena kumbuyo kuti azitolera othawa? Funso limeneli silingabadwe pakati pa ngwazi. Ngwazi safuna mtsogoleri, safuna gulu lodikira kumbuyo, safuna khoma lobisalako. Nzeru zonse za nkhondo, kuzungulira mdani, kumutsekera njira yothawira, kumuopseza ndi moto wosapha aliyense kuti anzanu adutse msewu, zinabadwa chifukwa cha wamantha. Akatswiri akudya thukuta lake koma osamuthokoza.

Dandaulo lachiwiri ndi la nthawi, ndipo limeneli lili ndi mano. Kuponya madayisi pa kagulu kalikonse, kuika tizizindikiro pamwamba pa timakatoni mpaka mulu kugwa, kusakatula buku kuti wosweka athawire kuti, zonsezi zimadya madzulo. Advanced Squad Leader itatuluka mu 1985, malamulo ake anabwera m'chifayilo cha mphete, chochita kuwonjezeramo masamba. Koma tifunse bwino: wachedwetsa masewera ndi ndani? Gulu la ngwazi liyenera kuphedwa mmodzimmodzi mpaka womaliza, ntchito yotopetsa ngakhale pa katoni. Gulu lokhala ndi mantha limaona lokha kuti zinthu zavuta, n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka, anthu n'kupita kukagona nthawi yabwino. Wamantha amapulumutsa moyo wake ndi tulo ta mabanja awiri.

Tsono wina wochenjera afunsa kuti, ngati lamuloli n'labwino chomwechi, bwanji ena amalisiya m'gulu la zosankha? Panzer ya James Day, imene inayamba kutuluka ku Yaquinto mu 1979 n'kutulukanso ku GMT Games mu 2012, ili ndi malamulo oyambira, malamulo ozama, kenako osankha, ndipo m'kope la GMT molalo uli m'gulu lomalizali. Masewerawa amawerengera kukhuthala kwa chitsulo cha kasinja kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, koma mantha a anthu amene akhala m'katimo, akutuluka thukuta, amayamba aoneka pokhapokha osewera onse awiri atagwirizana. Akagwirizana, gulu likataya akasinja ofika mlingo wina, otsalawo amayesedwa mtima, ena n'kuyamba chidodo, ena n'kusweka. Kumeneku ena amati n'kunyoza lamulolo. Ine ndikuona kudzichepetsa kosowa. Lili ngati wachibale wosauka pa ukwati, amene amakhala kuseri pafupi ndi miphika osadzikankhira kutsogolo, chonsecho ndi yekhayo akudziwa mbiri yonse ya banjalo. Lamulo la chitsulo limakukakamizani; la mantha limadikira kuitanidwa. Wophunzira kumene amayamba wadziwa kuyendetsa akasinja ake mwamtendere. Ndipo kusankhako kuli ndi phindu lina limene palibe lamulo lokakamiza lingapereke: munthu amene wavomera ndi pakamwa pake kuti molalo ulowe sangadzanene kuti anamubera pamene gulu lake lapamwamba lathawa pa ulendo wachiwiri. Anasaina yekha.

Pali chinanso chimene okana lamuloli safuna kuchimva. Wosewera amene amati sakufuna molalo chifukwa ungamusokonezere pulani, iyeyo walephera mayeso a molalo madayisi asanaponyedwe. Kakatoni kamathawa zipolopolo. Iye akuthawa masamba ochepa a kumapeto kwa buku. Pa awiriwa, wolimba mtima akudziwika.

Choncho inu akuluakulu amene mumayala mapu patebulo, ulendo wina tsegulani bukulo kumapeto, muitane mnzanuyo mugwirizane. Ndipo kagulu kanu kodalirika kakadzatembenuzika chafufumimba pa nthawi yoipitsitsa, musakaponye pansi. Katumizireni mtsogoleri akakanyengerere.