Malangizo kwa omwa mizimu a kwa Kabudula

Achimwene, mukafika pakhomo usiku mukudzandira kuchokera pa Nsaru, mayi a kunyumba n'kufunsa kumene munali, musachite chibwibwi. Ayankheni mwaulemu kuti munali ndi mizimu. Bodza palibepo. Angelezi mowa uliwonse wotcheza amautchula kuti spirits, liwu lomwelo limene amatchulira mizimu ya akufa.

Liwuli adabwereka ku Chilatini, spiritus, kutanthauza mpweya umene munthu amapuma. Akatswiri akale a ku Ulaya akawiritsa vinyo n'kuona nthunzi ikukwera, ankati umenewo ndiwo moyo wa vinyoyo ukuthawa, basi n'kuutchera ndi paipi yozizira. Tsono kazungulireni kuseri kwa nyumba ya mayi wotcheza kachasu ku Nambuma. Madeya ndi shuga zasasa masiku angapo, mphika aumata pakamwa kuti nthunzi isapulumuke, paipi yadutsa m'madzi ozizira, botolo lili kunsonga kulandira dontho limodzilimodzi. Nzeru yake ndi yomweyo: mowa umawira pa madigiri 78 pamene madzi amadikira 100. Kungoti akatswiri a ku Ulaya aja adalowa m'mabuku, mayi wathuyu adadulidwa mumpingo.

Wina akakunyozani kuti mumamwa zachimidzi, muwongoleni. Dzina loti kachasu lidachokera kwa Apwitikizi, amene mowa wa nzimbe wa ku Brazil amautcha cachaça. Ndiye kuti pakhosi panu pamadutsa dzina la kutsidya kwa nyanja, ngakhale mwakhalira njerwa ndipo tambula ndi imodzi anthu asanu. Akapitiriza makani, auzeni kuti whisky wa mabwana uja dzina lake lidachokera ku mawu a ku Scotland ndi Ireland otanthauza madzi a moyo. Koma zimenezi musakazinene pamaliro a mnzanu wa pamowa, anamfedwa sangakumvetseni.

Poitanitsa, nenani kuti mukufuna mutu, woyamba kudontha uja. Mizimu yaukali imakhala m'menemo, ndipo ena ikawatenga siwabweza. Pamimba pakhale popanda kanthu, nsima imasokoneza mwambo.

Za nsembe musadere nkhawa. Makolo athu ankakhutira ndi kaufa pa kachisi, koma mizimu ya m'botoloyi ndi yamakono, imalandira ndalama za fodya, za feteleza, ngakhale njinga. Ana akabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, alembereni kalata aphunzitsi aakulu kuti nkhaniyi ili m'manja mwa mizimu, ndipo muisainire m'mawa manja asanayambe kunjenjemera.