Ulemu kwa a The, nkhoswe ya mayina

Mwa onse amene anandisula ku yunivesite, palibe amene ndimamuopa ndi kumulemekeza kuposa a The. Aphunzitsi ena ndinawaiwala mayina, mabuku ndinabwereketsa osabwezedwa, koma bambowa ndikadali nawo. Thupi lawo ndi la nsabwe, zilembo zitatu zokha, komatu m'Chingerezi chonse mulibe liwu lotchulidwa kawirikawiri kuposa iwowa. Chimene chimandigometsa n'chakuti salima, sasenza katundu, alibe tanthauzo loti mungamugwiritse munthu m'manja. Amangoima kutsogolo kwa dzina, manja m'thumba, ulemu wonse n'kukhala wawo. Ndani sangakhumbire ntchito yotere?

Ndikuti "a The" mwadala, poti wamkulu satchulidwa dzina lamaliseche. Zangochitika kuti "a" yemweyo m'Chingerezi ndi mng'ono wawo, amene naye ali ndi milandu yake, koma imeneyo tidzazenga tsiku lina.

Tinadziwana bwino m'chaka choyamba, m'phunziro lija aliyense amalipeputsa, la luso la chiyankhulo ndi kalembedwe. Ndinafika ndikudzimva. Pajatu satifiketi ya MSCE sapatsa munthu wolakwa Chingerezi ngakhale masamu atakhoza ngati makina, ndipo ku yunivesite sulowa wopanda kirediti ya phunziroli. Ine ndinali nayo, komanso kusekondale ndinali dolo woponya mabomba pa dibeti. Chimangirizo choyamba ndinachilemba usiku wonse, dikishonale ili pambali. Chinabwerako chitafiira ngati pophera mbuzi. Mabomba anga onse anali amoyo, palibe limene linakhudzidwa. Koma pansi pa mizere panali tizizindikiro tonga madenga a nkhokwe, ndipo pamwamba pa denga lililonse panali patakhala a The, atavala inki yofiira, akundiyang'ana. Ndinawerenga madengawo: 31.

Maukwati 31 ongolowana popanda nkhoswe! Pakuti ntchito yawo ndi imeneyo. Dzina likhoza kukhala lokongola, lochokera kubanja labwino, koma likangolowa m'chiganizo popanda iwo kuliperekeza, anthu ophunzira amayamba kunong'onezana.

Monga mwana womva kamodzi, m'chimangirizo chachiwiri ndinawathira ponseponse ngati feteleza wa makuponi: the Malawi, the Lilongwe, the God. Pepala linabwera lofiira kuposa loyamba lija, tsopano a The atakhwatchidwa mmodzimmodzi. Ndinagogoda pa ofesi ya aphunzitsi athu, mayi wa magalasi okhala kunsonga kwa mphuno.

"Madamu, lamulo lake ndi liti kwenikweni?"

Anatsegula chibuku cha galamala, kutembenuza masamba, kutembenuzanso, kenaka n'kuchitseka.

"Malamulo alipo, mwana wanga, koma owaphwanya ndi ambiri. Uziwerenga kwambiri, khutu lidzazolowera."

Khutu! Bambo anagulitsa mbuzi kuti ndikaphunzitse mutu, ine n'kuuzidwa kuti nkhaniyi ndi ya khutu.

Koma mfumu yeniyeni sifotokozera anthu chifukwa chimene yayendera mudzi uwu n'kulambalala uwo. Mtsinje wa Shire a The amauperekeza. Nyanja imene mtsinjewo umatulukamo, Lake Malawi, amaisiya iyende yokha. Dziko lathu likatchulidwa kuti Malawi iwo sabwera, koma likangovala suti n'kukhala Republic of Malawi, mudzawapeza ali patsogolo. Flames ndiye samaitaya, igonje kapena ipambane, kukhulupirika kumene enafe kunatikanika kalekale. Nanga mphamvu zawo pa milandu? Mukati munthu ali "in prison" ndiye kuti ndi mkaidi. Mukawalowetsa a The pakatipo, mwina munthuyo wangopita kukazonda m'bale wake, kontena ya nsima ili m'manja. Zilembo zitatu kumutulutsa munthu ku Maula popanda loya!

Ngakhale kuwatchula kokha ndi mwambo. Ife "th" wathu timamudziwa, ali mu thumba, mu thobwa, mu thengo. Mwana woyamwa Chichewa akaona t, h ndi e, pakamwa pake pamakonzekera kunena thewera. Koma bambowa amafuna kuti lilime ulisuzumiritse pakati pa mano ngati buluzi, chinthu chimene amayi anatiletsa ndi chikoti kuti ndi mwano. N'chifukwa chake m'kalasi tinagawikana mitundu itatu: a "de", a "ze", ndi a Chizungu cha m'mphuno ochokera m'masukulu a fizi yambiri, amene lilime lawo linaloledwa kutuluka adakali ku nasale.

Wotchuka salephera kukhala ndi adani. Amiseche amati dziko likhoza kuyenda popanda a The. Amati Chirasha chilibe liwu lotere, koma Yuri Gagarin anazungulira dziko lapansi mu 1961 osalisowa. Amati Chilatini, chimene Kamuzu ankachikonda mpaka kuchikhazika pa Kamuzu Academy imene anatsegula ku Mtunthama mu 1981, nachonso chilibe. Amatchula Mark Zuckerberg, amene anawathothola pa dzina la TheFacebook mu 2005, chuma chake n'kungochulukirachulukira. Ena amafika pa mwano wonena kuti Chichewa chathuchi chimati nyumba ino, nyumbayi, nyumbayo, nyumba ija, ndipo womva amadziwa ngati muli m'katimo, ngati ili pafupi, kapena ngati ndi ija munakambirana dzana, pamene a The amangokuuzani kuti nyumbayo mukuidziwa kale, osakulozerani n'komwe. Nsanje basi. Dziko la The Gambia linawasunga pa dzina lake penipeni. Mu 2022 Ohio State University ya ku America inawalembetsa kukhala chizindikiro chake cha malonda pa zovala. Ndani analembetsapo "ija"?

Ndipo taganizani mabanja amene akudya chifukwa cha iwo: aphunzitsi, akonzi a nyuzipepala, ochonga mayeso, ogulitsa mabolopeni ofiira. Kuntchito nakonso amatipeputsira zinthu. Ndinakhalapo m'gulu losankha makalata ofunsira ntchito, ndipo ndinaona ndi maso anga kalata ya mnyamata wodziwa mapaipi ikuikidwa pansi pa mulu chifukwa pamzere woyamba penipeni a The anali atajomba. Tinatenga wina wa Chizungu chosalala. Mpope wa pa ofesipo unapitiriza kudontha, koma lipoti lofotokoza kudonthako linkabwera mwezi uliwonse lili loyera mbee, nkhoswe iliyonse ili pamalo pake.

Pa tchuthi china ndinapita kumudzi ndi usipa wokulunga m'nyuzipepala ya Chingerezi. Agogo, amene Chichewa amawerenga bwino chifukwa cha Baibulo, anatambasula pepalalo pamwendo n'kumayendetsa chala.

"Iwe, kaliwu aka kali ponseponse. The, the, the." Ankatchula ngati akuyamba thewera. "Kakutanthauza chiyani?"

"Palibe chimene amatanthauza kwenikweni, agogo. Koma popanda iwowa zinthu siziyenda."

"Ooo. Ngati amalume ako aja pamaliro."

Anang'amba kachidutswa kamene panali a The anayi kapena asanu, n'kupichiramo chingambwe chawo, n'kundituma moto.